Mukufuna MBA ku Harvard, Stanford kapena INSEAD? Nazi zimene amafufuza pa fomu yanu

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikamatha, mauthenga amayamba kugwa pa WhatsApp yanga, ndipo pafupifupi onse amafunsa chinthu chimodzi: "Achimwene, ndipeze zingati pa GMAT kuti anditenge?" GMAT ndi mayeso olowera MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Ndayankha funsoli pafoni, muofesi, ngakhale paukwati. Ndaona kuti ndi bwino ndililembe kamodzi, kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira.

Muyambe mwamvetsa ichi. Sukulu ya zamalonda ya ku Stanford imatenga anthu osakwana 10 pa anthu 100 alionse amene apempha malo, chonsecho ambiri mwa okanidwawo akanatha kukhoza maphunzirowo bwinobwino. Nzeru za m'kalasi zimangokulowetsani pampanda. Chimene owerenga mafomu amasakasaka tsamba ndi tsamba ndi umboni woti pamalo pamene munagwirapo ntchito panasintha kanthu chifukwa choti inuyo munalipo. Chifukwa chake chili m'kaphunzitsidwe. Ku Harvard Business School, ku Boston, mphunzitsi saima kutsogolo n'kumalembetsa manotsi. Ophunzira pafupifupi 90 amawerengeratu nkhani ya kampani inayake imene inakumana ndi vuto, kenako m'kalasi amakambirana ndi kutsutsana kuti bwana wa kampaniyo akanatani. Pa maphunziro ambiri kumeneko, theka la malikisi limachokera pa zimene mumalankhula m'kalasi. Choncho akamasankha wophunzira amakhala akusankhanso munthu amene adzaphunzitse anzake 89 aja.

1. Werengani zimene sukuluyo ikunena yokha

Musadalire mphekesera. Sukulu iliyonse imalemba poyera zimene ikufuna. Stanford imatchula zitatu: mmene mumaganizira, mmene mumatsogolera, ndiponso mmene mumaonera dziko. Harvard inasintha mawu ake mu 2024, ndipo tsopano imati ikufuna anthu oganiza za bizinesi, okonda kutsogolera, komanso ofunitsitsa kukula. INSEAD, imene ili ku Fontainebleau ku France ndi ku Singapore, imawonjezera china: kodi munthuyu angathe kukhala ndi kugwira ntchito ndi anthu a mitundu ina? N'chifukwa chake imafuna kuti mudziwe chilankhulo china kuwonjezera pa Chingerezi. Kwa ife amene Chingerezi si chilankhulo chobadwa nacho, chilankhulo cha kwathu chimawerengedwa, kotero Chichewa chanucho musachibise pa fomu.

Sankhani sukulu zinayi kapena zisanu, osati khumi. MBA ya ku America ndi ya zaka 2, ya INSEAD ndi ya miyezi 10, ya ku Oxford ndi ku Cambridge ndi ya chaka chimodzi.

2. Werengani zaka zanu pantchito, kenako kalendala

Ophunzira a ku Harvard ndi Stanford amakhala atagwira ntchito zaka pafupifupi 5, a ku INSEAD amapitirirako pang'ono. Mukakhala ndi chaka chimodzi chokha, nthawi zambiri mulibe nkhani zokwanira. Mukapyola zaka 10, adzafuna kumva chifukwa chimene simukusankhira Executive MBA, imene ndi ya mabwana ophunzira akugwira ntchito.

Mafomu amalandiridwa m'magawo amene amawatcha ma round. Ku America gawo loyamba limatseka mu Sepitembala, lachiwiri kumayambiriro kwa Januwale. Sukulu zina zili ndi lachitatu cha mu Epulo, koma pofika apo malo ndi ndalama zothandizira zimakhala zitachepa, ndipo nthawi yopezera viza imakhala yaifupi. Ngati mukufuna Sepitembala, ntchito iyambe mu Januwale.

3. Kapempheni transcript sabata ino

Transcript ndi chikalata chosonyeza malikisi a phunziro lililonse la digiri yanu, chaka ndi chaka. Ine yanga inanditengera masabata ambiri ndi maulendo atatu, ndipo ndinatsala pang'ono kuphonya tsiku lotsekera. Musadikire.

Pali cholakwika chimene ambiri amachita apa. Kwathu munthu wopeza 70 ndi katswiri, koma ku America 70 ndi malikisi wamba. Poona izi ena amasintha okha malikisi awo kuti akhale GPA, avereji ya malikisi ya ku America yolekezera pa 4.0. Musatero pokhapokha sukulu itakuuzani. Lembani monga momwe zilili pa chikalata, ndipo onetsetsani kuti tsamba lofotokoza tanthauzo la distinction, credit ndi pass lapita nawo. Ngati munali m'gulu la okhoza kwambiri m'kalasi ndipo yunivesite ingathe kutsimikiza, nenani. Ngati dzina la sukulu pa satifiketi yanu ndi Polytechnic koma lero ndi MUBAS, fotokozani m'chiganizo chimodzi kuti inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021. Ngati pali chaka chimene munagwa chifukwa cha matenda, maliro kapena kusowa fizi, mafomu ambiri ali ndi malo ofotokozerapo zotere. Lembani mwachidule zimene zinachitika, osadandaula, ndipo sonyezani chimene chikutsimikiza kuti panopa masamu mumawatha, kaya ndi mayeso a akauntanti a ACCA ndi ICAM kapena mayeso otsatirawa.

4. GMAT kapena GRE

GRE ndi mayeso ena olowera amene mungalembe m'malo mwa GMAT, ndipo sukulu zonse zikuluzikulu zimalandira onse awiri. GMAT inasintha kumapeto kwa 2023. Tsopano ili ndi magawo atatu a mphindi 45 lililonse: masamu, mafunso 21, kumvetsa ndi kusanthula zolembedwa, mafunso 23, ndi kuwerenga matebulo ndi magirafu, mafunso 20. Malikisi amayambira 205 kulekezera 805. Samalani poyerekeza ndi manambala akale: 645 ya lero ikufanana ndi 700 ya kale. Ophunzira apakatikati a ku Harvard ankakhala ndi 740 pa sikelo yakale ija, kutanthauza kuti theka la kalasi linali pamenepo kapena kutsika. Nambala imeneyi isakuopseni ngati kuti ndi chipata chokhoma.

Masamu ake si ovuta kuposa a MSCE, koma nthawi ndi yochepa ndipo gawo la masamu salola kalikuleta. Kompyuta imakupatsani mafunso ovuta mukamakhoza, osavuta mukamalakwa, ndipo kusiya mafunso osayankha kumadula malikisi kwambiri. Yambani ndi mayeso oyeserera aulere a pa mba.com kuti mudziwe pamene muli, kenako dzipatseni miyezi itatu kapena inayi, ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse. Mungathe kubwereza pakapita masiku 16, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka 5. Ngati mukulembera pa intaneti, pezani chipinda chimene magetsi ndi netiweki sizingakudukireni pakati.

Mukangofika pamalikisi oyandikira a sukulu imene mukufuna, lekani. Ndaonapo anthu akulemba kanayi kuti awonjezere pang'ono, n'kusiya masabata awiri okha a zinthu zimene zikubwerazi, zimene ndiye zimasiyanitsa anthu.

5. CV ya tsamba limodzi

CV ya kwathu imakhala masamba anayi, ndi chipembedzo, boma lochokera, mfumu yaikulu ndi maina a anthu atatu okuchitirani umboni. Zonsezo chotsani. Tsamba likhale limodzi. Pansi pa ntchito iliyonse musakopere udindo umene unalembedwa m'kalata yokulembani ntchito. Lembani zimene zinatuluka m'manja mwanu, ndi manambala enieni amene mungawaikire kumbuyo. Woyiwerengayo sadziwa kukula kwa kampani yanu, choncho muuzeni m'mawu ochepa kuti imachita chiyani ndipo ili ndi antchito angati. Ndalama muzilembe m'madola, pamtengo wa chaka chimene zinachitikira, popeza kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo manambala a zaka zosiyana angasocheretse. Ngati munakwezedwa msanga kuposa anzanu, zionekere.

6. Phunzirani kunena kuti "ine"

Apa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Tinaleredwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu wodzitchula yekha timamuona ngati wodzikweza. Ndiye tikamalemba chimangirizo chofotokoza za ife chimene sukulu imafuna pa fomu, timati "tinakonza", "tinapambana", "gulu lathu linaona". Wowerengayo amafika kumapeto osadziwa ngati munali wotsogolera kapena wolemba maminitsi. Sakukupemphani kuti mulande ulemu wa anzanu. Akufuna mumuuze mbali ya denga imene munasenza inuyo.

Musanatsegule fomu iliyonse, tengani kope, mulembe nkhani zisanu ndi zitatu kapena khumi za m'moyo wanu. Pa nkhani iliyonse yankhani mafunso anayi. Zinthu zinali bwanji ndisanalowererepo? Ndinaganiza chiyani chimene ena sanaganize, kapena ankaopa kunena? Ndani anakana, ndipo ndinamukopa bwanji? Lero zili bwanji? Funso lachitatulo ndi limene limabereka nkhani yabwino, chifukwa utsogoleri umaoneka pamene panali wina wosagwirizana nanu.

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito ku kampani yogula soya kwa alimi ku Mchinji. Kulemba kuti "ndinkayang'anira kagulidwe ka mbewu" sikuuza munthu kanthu. Koma mukafotokoza kuti munaona alimi akugulitsa kwa mavenda pamtengo wotsika chifukwa kampani yanu inkachedwa kulipira, kuti munapita kwa akuluakulu a zachuma amene anakukanizani kawiri, kuti munapempha kuyesera pa malo amodzi okha kulipira kudzera pafoni tsiku lomwelo, ndipo kuti chaka chotsatira njirayo inafalikira kumalo ena, wowerengayo wakuonani mukugwira ntchito. Dzina la kampani likhoza kukhala losadziwika ku Boston, koma zimene munachitazo amazimva.

Utsogoleri sufuna udindo wolembedwa pachitseko. Banki m'khonde imene munaikonzera mabuku itatsala pang'ono kupasuka, komiti ya sukulu ya kumudzi kwanu, kwaya imene munaigwirizanitsa itagawikana, ang'ono anu atatu amene mwawalipirira sukulu kuchokera pa malipiro anu oyamba: zonsezi ndi nkhani, ndipo ambiri amazisiya poganiza kuti ndi za pakhomo chabe. Chimangirizo chachikulu cha ku Stanford chimafunsa chimene chili chofunika kopambana kwa inu ndi chifukwa chake. Funso lotere siliyankhidwa ndi CV.

Koma ndikuchenjezeni ndi mtima wonse: musagulitse umphawi. Pali chimangirizo chimene owerenga achiona kambirimbiri, choyamba ndi mwana woyenda wopanda nsapato kupita kusukulu, chothera pa kufuna kutukula Africa. Ngati munayendadi wopanda nsapato, ndi mbiri yanu ndipo muli ndi ufulu woinena, koma ipatseni ziganizo ziwiri, ndipo malo otsalawo muwapereke ku zimene munasankha kuchita mutakula. Ngati munakulira ku Area 47 kapena ku Namiwawa, musabwereke mudzi wa agogo. Pa intavyu zimaululika. Muikemonso nkhani imodzi ya pamene munalephera, cholakwa chili chanu, ndi chimene munasintha pambuyo pake.

7. Makalata a mabwana anu

Gawo ili malangizo ambiri amangolidumpha ndi chiganizo chimodzi, chonsecho kwa munthu wochokera kwathu ndi limene limapha mafomu abwino. Sukulu zambiri zimafuna anthu awiri okuchitirani umboni, ndipo mmodzi akhale bwana amene amakuyang'anirani panopa. Si kalata ija yoyamba ndi "To whom it may concern" yodindidwa chidindo. Sukulu imatumiza linki ku imelo ya bwanayo, iye amayankha mafunso pa intaneti, ndipo inu simuona zimene walemba.

Cholakwika choyamba ndi kuthamangira dzina lalikulu. Nduna, phungu, bishopu kapena mkulu wa kampani amene munangopatsana naye moni sangakuthandizeni, chifukwa alibe nkhani yoti anene. Bwana wamng'ono amene anakuonani mukulimbana ndi vuto usiku muofesi ndi wamtengo wapatali kuposa onsewo. Mphunzitsi wa kuyunivesite nayenso si woyenera pa MBA, pokhapokha munagwira naye ntchito yeniyeni.

Sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito mafunso ofanana, ndipo aakulu ndi awiri. Loyamba limafuna bwanayo akuyerekezeni ndi anthu ena aluso amene agwirapo ntchito yonga yanu, ndi zitsanzo. Lachiwiri limafuna afotokoze uphungu wofunika kwambiri umene anakupatsanipo pa chofooka chanu, ndi mmene munaulandirira.

Taganizirani mmene bwana wa kwathu amamvera mafunso awiriwa. Pa loyamba amalemba mawu amene kwa iye ndi ulemu waukulu: wolimbikira ntchito, womvera, wodzichepetsa, wosunga nthawi. Kwa wowerenga wa ku Stanford, mawu amenewo akufotokoza kalaliki wabwino, osati mtsogoleri. Pa lachiwiri amachita mantha, chifukwa m'maofesi mwathu cholakwa chikalembedwa papepala ndiye kuti ndi kalata yochenjeza yolowa m'faelo. Pofuna kukutetezani amalemba kuti sanaonepo chofooka chilichonse. Wowerengayo amangoganiza kuti bwanayu sakukudziwani. Palinso tebulo lochongera, ndipo bwana wosazolowera kuyamikira amachonga "good" ali wokhutira nanu kwambiri, osadziwa kuti anzanu opikisana nawo achongeredwa m'bokosi lapamwamba.

Chochita ndi ichi. Pitani nokha, miyezi iwiri tsiku lotsekera lisanafike, osati kudzera pa meseji. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukapeza mpata nenani momveka: "Bwana, ndikufuna kukapitiriza sukulu, ndipo palibe wina amene waona ntchito yanga ngati inu. Kodi mungathe kundilembera umboni wamphamvu?" Mawu akuti wamphamvu musawasiye, chifukwa amapatsa munthu wokayikira mpata wokana mwaulemu, ndipo kukana kwake n'kwabwino kuposa kalata yozizira. Akavomera, khalani nawo pansi mphindi 30. Asonyezeni mafunsowo. Apatseni tsamba limodzi lowakumbutsa ntchito zitatu kapena zinayi zimene munachitira limodzi, ndi miyezi yake ndi zotsatira zake. Akumbutseni tsiku lija anakuitanirani muofesi n'kukuuzani kuti mumafuna kuchita zonse nokha, kapena kuti mumakhala chete pamisonkhano, ndipo auzeni kuti nkhani imeneyo ndi imene sukulu ikufuna, pamodzi ndi mmene munasinthira. Afotokozereninso kuti pa tebulo lija akukuyerekezani ndi anthu amene iwo awayang'anirapo, ndipo ngati mulidi m'gulu la opambana, achonge choncho. Simukuwapempha bodza. Mukuwamasulira mafunso.

Ndiye pali yankho limene mudzalimva ndithu: "Lembani nokha, ndidzangosaina." Bwanayo amanena mokoma mtima, koma musavomere. Sukuluzi zimaletsa zimenezi poyera, ndipo anthu amene awerenga zimangirizo zanu amazindikira kalembedwe kanu m'kalata ya munthu wina. Zikadziwika, malo amalandidwa ngakhale mutatengedwa kale. Yankhani kuti malamulo sakulola, ndipo pemphani kuti mukambirane pakamwa, iwo azilemba mfundo zawo. Apempheni agwiritse ntchito imelo ya kuntchito, chifukwa sukulu zimatsimikiza kuti wolembayo ndi munthu weniweni. Akumbutseni patatsala masabata awiri, kenako patatsala masiku atatu.

Nanga ngati kuuza bwana wanu kungakuchotsetseni ntchito, kapena bwana wanu ndi bambo anu, kapena bizinesi ndi yanu? Pemphani bwana wakale, kasitomala wamkulu kapena wa m'bodi, osati wachibale, ndipo fotokozani chifukwa chake m'ziganizo ziwiri pa fomu. Zimenezi amazimvetsa.

8. Nenani kumene mukupita

Adzakufunsani ntchito imene mukufuna mukangomaliza ndi imene mukufuna patsogolo. "Kuthandiza dziko langa" si yankho. Tchulani mtundu wa ntchito, mtundu wa kampani, vuto limene mukufuna kulimbana nalo, ndi luso limene mukulisowa lero. Njirayo ilumikizane ndi kumene mwachokera, kuti wowerenga aone kuti n'zotheka. Lankhulani ndi anthu awiri kapena atatu amene anaphunzira pasukulupo. Ambiri amayankha pa LinkedIn mukawalembera mwaulemu ndi funso lolunjika. Ndipo musanatumize, fufuzani kuti dzina la sukulu ina silinatsalire m'chimangirizo.

9. Intavyu

Kuitanidwa ndi chizindikiro choti mapepala anu awakhutiritsa. Ku Harvard imatenga mphindi 30, wofunsayo amakhala atawerenga fomu yanu yonse, ndipo mumayenera kutumiza maganizo anu olembedwa pasanathe maola 24. Ku INSEAD ndi ku London Business School amakufunsani ndi anthu amene anaphunzira pomwepo kale. Ku Wharton, ku Philadelphia, amakuikani m'kagulu ka anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi kuti mukambirane nkhani imodzi kwa mphindi 35, akuonerera mmene mumamvetsera ndi kumangira pa mfundo za ena.

Ulemu wathu woyang'ana pansi ndi kudikira kuti wamkulu amalize zonse ukhoza kuoneka ngati kusadzidalira. Yang'anani munthuyo, yambani ndi yankho lenilenilo, zifukwa zibwere pambuyo, ndipo musapitirire mphindi ziwiri. Yeserani mokweza mawu ndi mnzanu amene sakuopani. Musaloweze pamtima.

10. Ndalama muziganizire kuyambira tsiku loyamba

Fomu yokha ndi madola 250 ku Harvard ndi 275 ku Stanford, ndipo GMAT ndi ndalama zina zoyandikira pamenepo. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja, yesani khadi lanu la kubanki masabata angapo tsiku lisanafike, ndipo funsani sukulu ngati ingakuchotsereni ndalama ya fomu, chifukwa zambiri zimatero kwa opeza zochepa. Fizi ya ku Harvard imaposa madola 70,000 pachaka, osawerengera nyumba ndi chakudya. Koma Harvard ndi Stanford zimapereka thandizo potengera kusowa kwa munthu, kwa ochokera kunja omwe, ndipo kuyambira 2022 Harvard imalipirira fizi yonse ophunzira pafupifupi 10 pa 100 amene ali osowa kwambiri. Ku Stanford kulinso Knight-Hennessy, ndondomeko yolipirira ophunzira imene ili ndi fomu yakeyake yotseka mu Okutobala. Ku Oxford kuli Skoll Scholarship ya anthu amene anayambitsa ntchito zothetsa mavuto a anthu. Chevening, ndondomeko ya boma la Britain yolipirira ophunzira, imafuna zaka 2 za ntchito ndi lonjezo lobwerera kwanu kwa zaka 2, koma pa MBA ili ndi malire a fizi, kotero yotsalayo muyenera kudziwiratu kumene idzachokere. Malamulo a viza, makamaka a ku America, amasintha kawirikawiri kwa onyamula mapasipoti a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, choncho awerengeni pa tsamba la ofesi ya kazembe musanalipire fomu, ndipo pamndandanda wanu pakhale sukulu za m'maiko osachepera awiri. Ya University of Cape Town ndi GIBS ya ku Johannesburg zimafufuza zinthu zomwezi pa fomu, ndipo fizi yake ndi ya marandi.